Dziko Limene Linasanduka Fumbi

M'mwezi wa Okutobala, nthawi imene kutentha kumatulutsa anthu m'nyumba kuti akagone pakhonde, munthu wokweza maso cha m'ma 9 koloko usiku amaona nyenyezi ina yowala kwambiri pafupi ndi paliwombo, chakum'mwera pang'ono. Nyenyeziyi imaoneka ili yokhayokha ngati mwana wamasiye pabwalo, pakuti m'dera lonse loizungulira mulibe inzake yowala ngati iyo. Dzina lake ndi Fomalhaut, mawu ochokera m'Chiarabu otanthauza kamwa la nsomba. Kuwala kwake, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatha zaka 25 kuli paulendo kusanafike m'diso la munthu. Ambiri amangoiyang'ana kamodzi n'kubwerera kunkhani zawo. Koma kuli mkulu wina ku America, a Paul Kalas a pa yunivesite ya California ku Berkeley, amene watha zaka zoposa 20 akuilondalonda nyenyezi imeneyi, ndipo yam'patsa ulemu ndi manyazi m'mbale imodzi.

Funso limene limagoneka anthu otere pamphepo si lachilendo ayi. Kodi dzuwa lino lokha ndilo lili ndi maiko olizungulira? Ngati nyenyezi zonse zooneka usiku ndi madzuwa akutali, kodi palibe ina imene ikufunditsa dziko lokhala ndi nyanja, udzu ndi zamoyo? Giordano Bruno, amene anatenthedwa pamoto mumzinda wa Rome mu 1600 pa milandu ya chipembedzo, ankaphunzitsa kuti maiko otere ndi osawerengeka, koma analibe umboni ngakhale wa kambewu kampiru. Umboni unachedwa zaka pafupifupi 400. Mu 1995 akatswiri awiri a ku Switzerland, a Michel Mayor ndi a Didier Queloz, anapeza pulaneti yaikulu imene imazungulira nyenyezi yotchedwa 51 Pegasi m'masiku anayi okha. Pofika mu 2025 chiwerengero cha mapulaneti odziwika a nyenyezi zina chinali chitapyola 6,000.

Komabe mwa mapulaneti onsewo, amene anajambulidwapo chithunzi sakwana 100. Enawo amadziwika monga m'mene mlenje amadziwira kuti gwape wadutsa: waona mapazi, waona udzu wopindika, koma nyamayo sanaione. Pulaneti ikamazungulira imakoka nyenyezi yake, nyenyeziyo n'kumagwedezeka pang'ono. Kapena imadutsa kutsogolo kwake, kuwala n'kuchepa pang'ono kwa maola angapo. Akatswiri amayeza kugwedezekako ndi kuchepa kwa kuwalako, ndipo masamu amawauza kulemera kapena kukula kwa chinthu chobisikacho. Njirazi n'zodalirika ndithu, koma mtima wa munthu sukhuta mapazi okha. A Kalas anali m'gulu la alenje ofuna kuiona nyamayo ndi maso.

Chimene chimavuta si kutalika kokha. Vuto lalikulu ndi kuthobwa m'maso. Pulaneti siyaka yokha. Imangobweza kuwala kwa nyenyezi yake monga m'mene mwezi umachitira. Munthu atakhala kunyenyezi ina n'kuyang'ana kuno, angaone kuti dzuwa likuwala kuposa Jupiter kuwirikiza pafupifupi ka 1 biliyoni, ndipo kuposa dziko lapansi kuwirikiza ka 10 biliyoni. Zili ngati kufunafuna chiphaniphani chimene chatera m'mphepete mwa moto wolusa umene ukunyeketsa phiri, munthu ataima kutsidya lina la nyanja. Chiphaniphanicho chilipo ndithu, koma diso lingachipatule bwanji kumalawiwo?

Nzeru yoyamba ndi imene mwana aliyense amaidziwa: akafuna kuona kabawi amene akuuluka pafupi ndi dzuwa, amatchinga dzuwalo ndi chikhatho. Katswiri wa ku France, a Bernard Lyot, anapanga chikhatho chotere m'kati mwa telesikopu cha m'ma 1930 pofuna kuona malawi a m'mphepete mwa dzuwa popanda kudikira kadamsana. Lero kachipangizo kotchinga kameneka kamaikidwa m'matelesikopu aakulu kuti kabise nyenyezi. Ngakhale zili choncho kuwala kumadontherabe m'mbali, n'kumwazika pachithunzi ngati timadontho tosawerengeka, ndipo kadontho kalikonse kamafanana ndi pulaneti. Mphepo ya mumlengalenga nayo imaphethiritsa nyenyezi n'kusokoneza chithunzi. Pachifukwa chimenechi matelesikopu ena amamangidwa pansonga za mapiri a ku Chile ndi ku Hawaii, ndipo amakhala ndi magalasi opindikapindika kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti awongole zimene mphepo yapotoza. Ena amawaponya kunja kwa mpweya, monga Hubble, amene wakhala akuzungulira dziko lapansi kuyambira mu 1990.

Wina angafunse kuti, nanga mavuto onsewa n'ngachiyani, popeza chithunzi chake chimangokhala kadontho? Yankho lili m'kadonthomo. Pa 14 Febuluwale 1990 chombo cha Voyager 1, chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 6 biliyoni, chinatembenuka n'kujambula dziko lapansi. Mapiri onse, nyanja zonse ndi mitundu yonse ya anthu zinakwana m'kachitsotso kamodzi kotuwa mobiriwira. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho chombo china, Galileo, chinadutsa pafupi ndi dziko lapansi pa ulendo wake wa ku Jupiter, ndipo a Carl Sagan ndi anzawo anachita zodabwitsa: analiyeza dziko lino ngati kuti n'lachilendo, kuti aone ngati makina angathe kudziwa kuti kuno kuli moyo. Kuwala kukagawidwa m'mitundu yake monga utawaleza, mpweya uliwonse umasiyamo chidindo chakechake. Iwo anapeza okosijeni wochuluka zedi, anapezanso mpweya wa methane umene umatuluka m'madambo, m'minda ya mpunga ndi m'mimba mwa ng'ombe. Mipweya iwiriyi simakhalitsana. Ikakumana imadyana, kotero kuti ikapezeka pamodzi ndiye kuti chilipo chimene chikuiwonjezera tsiku ndi tsiku. Anaonanso chizindikiro cha masamba obiriwira pamtunda, ndiponso anamva mafunde a wailesi. Zotsatirazo anazisindikiza mu 1993. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akangokhoza kupatula kuwala kwa pulaneti kukuwala kwa nyenyezi yake, angathe kununkhiza mpweya wa dziko limene phazi lake silidzapondako. Kadontho kamodzi kangathe kuyankha funso la Bruno.

A Kalas sanayambe ndi mapulaneti. Anayamba ndi fumbi. Mu 1983 makina ena oyeza kutentha kuchokera mumlengalenga, otchedwa IRAS, anaonetsa kuti Fomalhaut yazunguliridwa ndi fumbi lozizira. Mu 2004 iwo ndi anzawo analoza Hubble kunyenyeziyo, naitchinga, ndipo chimene chinatuluka chinali mkombero waukulu wa fumbi, wotalikira nyenyeziyo kuposa m'mene dziko lapansi latalikirana ndi dzuwa kuwirikiza ka 130 ndi kupitirira. Zinthu ziwiri zinawadabwitsa. Choyamba, nyenyeziyo sinali pakati penipeni pa mkomberowo, inali itapatuka. Chachiwiri, mphepete ya m'kati mwa mkomberowo inali yodulidwa bwino ngati malire a bwalo losesedwa m'mawa. Bwalo silidzisesa lokha. Mu 2005 iwo analemba kuti payenera kukhala pulaneti yobisika imene ikusesa fumbilo ndi mphamvu yake yokoka.

Tsono anajambulanso mu 2006, ndipo anayamba ntchito yotopetsa yoyerekeza zithunzi za zaka ziwirizo, kadontho ndi kadontho. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumapeto kwa Meyi 2008 anatsimikiza kuti kadontho kena kofooka, kam'kati pang'ono mwa mkombero uja, kanali m'zithunzi zonse ziwiri, ndipo kanali katasuntha pang'ono monga chimasunthira chinthu chozungulira nyenyezi. Kanali pamalo pamene munthu akanayembekeza kupeza wosesa bwalo uja. Ndani akanakayika? Munthu ananeneratu kuti pathengo apa pali nyama, ndipo atapenyetsetsa anaona maso awiri akuphethira pomwepo.

Pa 13 Novembala 2008 nkhaniyo inalengezedwa, ndipo kadonthoko kanatchedwa Fomalhaut b. Linali tsiku la zikondwerero ziwiri, chifukwa tsiku lomwelo gulu lina lotsogozedwa ndi a Christian Marois linaonetsa chithunzi cha mapulaneti atatu ozungulira nyenyezi ya HR 8799, ojambulidwa ndi matelesikopu a Keck ndi Gemini paphiri la Mauna Kea ku Hawaii. A Marois anali atapeza njira yochenjera: usiku ukamapita thambo limatembenuka, koma timadontho tabodza tobadwira m'telesikopu timakhala pomwepo, motero chimene chayenda ndi thambo ndicho chenicheni. Pulaneti yachinayi anaipeza mu 2010. Mu 2004 a Gael Chauvin ndi anzawo anali atajambula kale ku Chile pulaneti yozungulira kanyenyezi kolephera kuyaka bwino. Koma chithunzi cha Fomalhaut ndicho chinakopa maso a anthu, chifukwa mkombero wake ndi mdima wapakati zinkaoneka ngati diso lalikulu lofiira, ndipo chinalowa m'manyuzipepala ndi m'mabuku a sukulu.

Chilema chinalipo kuyambira pachiyambi, ndipo chilungamo chake n'chakuti a Kalas sanachibise. Pulaneti yaikulu imene sinakalambe imakhala ikadali yofunda ndi moto wa kubadwa kwake, monga m'phika wongophulidwa kumene, ndipo makina oona kutentha amaiona mosavuta. Umo ndi m'mene mapulaneti a HR 8799 anaonekera. Fomalhaut b inali yosiyana: inkawala m'kuwala wamba, koma kutentha kwake kunali zii. Eni ake anaganiza kuti mwina pulanetiyo njaing'ono koma yavala mkanda waukulu wa fumbi woposa wa Saturn, ndipo mkandawo ndiwo ukunyezimira. Tsoka linanso linali lakuti kamera ya Hubble imene inajambula zithunzi zoyambazo inafa mu Januwale 2007, ndipo ngakhale akatswiri anakwera kukakonza Hubble mu 2009, mbali imene inali ndi chotchingira nyenyezi sinadzukenso. Anayenera kugwiritsa ntchito chipangizo china chakale, ndipo kuyerekeza zithunzi za makamera awiri osiyana kuli ngati kuyeza nsalu imodzi ndi mikono ya anthu awiri.

Mu 2012 gulu la a Markus Janson linafunafuna kutentha kwa pulanetiyo ndi telesikopu ya Spitzer koma silinapeze kanthu. Ena anaunikanso zithunzi za Hubble natsimikiza kuti kadonthoko kalipodi. Mkangano unakula, ena akuti ndi pulaneti, ena akuti ndi mtambo. Kayendedwe kake nakonso kanayamba kukana: m'malo moyenda motsatira mkombero monga wosesa bwalo, kankalowera kunja ngati kofuna kuudutsa. Mu 2015 bungwe la akatswiri a zakuthambo la dziko lonse linaipatsa dzina loti Dagon, dzina la mulungu wakale wa Afilisti amene amatchulidwa m'Baibulo. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene mwanayo ankapatsidwa dzina n'kuti atatsirizika kale, anthu osadziwa. M'zithunzi za 2014 kadontho kaja sikanaonekenso.

Amene anamasulira mwambiwo ndi a András Gáspár ndi a George Rieke a pa yunivesite ya Arizona, mu Epulo 2020. Atandandalika zithunzi zonse kuyambira 2004, anaona kuti chaka ndi chaka kadonthoko kankafufuma uku kakuzilala. Pulaneti sifufuma, ndipo sizilala m'zaka khumi. Chimene chimachita zotero ndi fumbi. Iwo anafotokoza kuti matanthwe awiri a miyala ndi madzi oundana, aakulu makilomita pafupifupi 200, anawombana Hubble atatsala pang'ono kuyang'anako, ndipo anaphwanyika n'kusanduka mtambo. Mayi wopeta chimanga dzuwa likupendeka amadziwa chinsinsi chake: gaga wodzaza dzanja limodzi, akaulukira m'mwamba, amawala patali kuposa thumba lathunthu limene lili pansi. Fumbi lochepa likamwazika limakola kuwala kochuluka, mpaka kunamiza anthu kuti ndi dziko. Kenaka kuwala kwa nyenyeziyo kumalikankha, limabalalika, n'kutha. Dzina la Fomalhaut b linafufutidwa m'kaundula wa mapulaneti wa bungwe la NASA.

N'chapafupi kuseka munthu amene anaonetsa dziko lonse chithunzi cha pulaneti imene kulibe. Koma woseka ayenera kufunsa kuti cholakwacho chinagwidwa ndi chiyani. Sichinagwidwe ndi mphekesera kapena nsanje. Chinagwidwa ndi zithunzi zomwezo zimene a Kalas ndi anzawo anapitiriza kujambula chaka ndi chaka, n'kuzisiya poyera kuti wina aliyense aziunike. Akanakhala munthu wongofuna kutchuka akanaleka kuyang'ana mu 2008, dzina likadali pamwamba. Chimene angadzudzulidwe nacho, iwo pamodzi ndi onse amene anathamangira kuimba nthungululu, n'chakuti chiyembekezo chinatsogola umboni. Masamu ananena kuti pamalopo payenera kukhala pulaneti, ndipo kadontho katapezeka pomwepo panalibe wofunitsitsa kufunsa kawiri. Diso la munthu limafulumira kuona chimene mtima wakhala ukuchilakalaka. A Percival Lowell nawo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anajambula pamanja ngalande zambirimbiri za pa Mars, nakhulupirira kuti zinakumbidwa ndi zolengedwa zanzeru. Zombo zitafikako sizinapeze ngalande ndi imodzi yomwe.

Apa ndi pamene nkhani ya Fomalhaut ikukhudzira kusaka moyo. Ngati kudziwa chabe kuti kadontho aka ndi pulaneti kapena fumbi kunatenga zaka 12, nanga kudziwa kuti m'kadontho muli zamoyo kudzatenga zingati? Mu Epulo 2025 gulu la a Nikku Madhusudhan la ku Cambridge linalengeza kuti telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa pa Khirisimasi ya 2021, yaona zizindikiro za mpweya wina pa pulaneti ya K2-18b, mpweya umene pansi pano umapangidwa makamaka ndi tizomera tosaoneka ndi maso ta m'nyanja zamchere. Pulanetiyo sinajambulidwe, anangoyeza kuwala kwa nyenyezi kumene kunasefedwa ndi mpweya wake. Mawailesi anasokosa, koma pasanathe miyezi yambiri magulu ena ataunika manambala omwewo ananena kuti umboniwo ngwosakwanira. Ngakhale okosijeni amene sali mboni yosanama. Pali njira zimene kuwala kwa nyenyezi kungaphwanyire madzi n'kusiya okosijeni padziko louma lopanda chamoyo chilichonse. Komanso dziko lapansi lenilenili linakhala ndi tizamoyo kwa zaka mamiliyoni mazanamazana mpweya wake usanakhale ndi okosijeni wodziwika, pakuti anayamba kuchuluka zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo. Mlendo wolijambula nthawi imeneyo akanatha kulemba kuti kuno n'kuchipululu.

Mpaka lero palibe amene wajambula pulaneti yofanana ndi dziko lapansi. Zonse zojambulidwa ndi zimphona za mpweya, zambiri zolemera kuposa Jupiter, zoyenda kutali ndi nyenyezi zawo, kumene n'kosavuta kuzipatula kumalawi. Mu 2022 James Webb anajambula yake yoyamba, HIP 65426 b, ndipo mu 2025 a Anne-Marie Lagrange a ku France ndi anzawo analengeza ina yopepuka ngati Saturn pafupi ndi nyenyezi ya TWA 7. Kuchoka pamenepo kufika pa kadziko ka miyala ndi madzi, koyandikana ndi nyenyezi yake, ulendo udakalipo wautali. Mu 2021 akatswiri a ku America anapempha boma lawo kuti limange telesikopu yapadera ya ntchito imeneyi. Inapatsidwa dzina loti Habitable Worlds Observatory, ndipo cholinga chake n'chakuti m'zaka za m'ma 2040 idzajambule ndi kuyeza mpweya wa maiko pafupifupi 25 onga lino. Ambiri mwa amene akuikonza adzakhala atapuma ntchito isananyamuke. Ana amene ali m'makalasi a sekondale lero ndiwo adzakhale pamakompyuta kuweruza timadontho timeneto.

A Kalas sanaisiye nyenyezi yawo. Mu 2023 analozanso Hubble ku Fomalhaut kuti aone chimene chinatsala pa Dagon. Kadontho kakale sikanabwerere. Koma chapafupi ndi pomwe kanali, m'mphepete mwa mkombero womwewo, panali kadontho kena katsopano, kowala ngati koyamba kaja, pamalo pamene m'zithunzi zonse za m'mbuyo panali mdima. Ulendo uno sanaitane atolankhani kuti aone dziko latsopano. Pamene iwo ndi anzawo anasindikiza nkhaniyo mu Disembala 2025, anati ndi mtambo wachiwiri wa fumbi, wochokera m'kuwombana kwina kwa matanthwe, ndipo anavomereza poyera kuti choyamba chija chinalinso chomwecho. Akatswiri ankaganiza kuti kuwombana kwa mtundu umenewu kumachitika kamodzi pa zaka zikwi zambirimbiri, koma munthu mmodzi wakuona kawiri m'zaka 20. Zimene ankaziyesa dziko lomalizidwa zinali njerwa zake zikugundana, monga zinkachitikira kuno dzuwa likadali laling'ono, mapulaneti akuumbidwa. Iwo anachenjezanso omanga telesikopu ya m'tsogolo ija kuti mtambo wotere ungathe kukhala zaka zingapo ukuoneka ngati kadziko konyezimira.

Tsopano ntchito yatsala ndi yoyang'anira kadontho kachiwirika, kuona ngati nakonso kafufume ndi kuzilala, ndiponso kuyeza ngati fumbi lake lili ndi madzi oundana. Kuwala kumene Hubble anakola mu 2023 kunanyamuka ku Fomalhaut cha m'ma 1998, kadontho koyamba kasanajambulidwe n'komwe, ndipo zimene zachitika kumeneko chaka chino zidzafika kuno a Kalas ali ndi zaka zoposa 80.